Pulinta ya leza ya 1200 dpi ikusindikiza moipa kuposa yakale ya 600 dpi: vuto lili pati?

Tiyamike analemba kuti:

Moni nonse. Ndili ndi nkhani imene yandiimitsa mutu kwa milungu ingapo tsopano, ndipo ndikupempha inu amene mumadziwa bwino makina osindikizira kuti mundigawireko nzeru. Ku ofesi kwathu tinagwiritsa ntchito pulinta ya leza ya 600 dpi (kutanthauza timadontho 600 pa inchi imodzi) kwa zaka 7, koma itayamba kumatafuna mapepala pafupipafupi tinagwirizana zogula ina. Ine ndi amene ndinaumirira kuti tisankhe imene pabokosi pake panalembedwa 1200 dpi, chifukwa ndinkakhulupirira kuti nambalayo ikawirikiza kawiri ndiye kuti zosindikizidwa nazonso zizioneka bwino kuwirikiza kawiri.

Masiku oyambirira zonse zinali bwino ndithu, koma panopa zimene zikutuluka zikundichititsa manyazi ndikamazipereka kwa anthu. Zilembo zing'onozing'ono zikuoneka zotuwa ndipo m'mphepete mwake muli tifumbi takuda. Malo amene ayenera kuda bii, monga chizindikiro cha ofesi yathu pamwamba pa kalata, akutuluka ndi mawanga otumbululuka. Zithunzi zikuoneka ngati munthu akuziyang'ana kudzera pa sefa, ndipo tikasindikiza pa pepala lolimba la chikuto, toner, ufa wosindikizira uja, amachoka ndikangopakapo chala. Palinso kadontho kakuda kamene kamabwera katatu pa tsamba lililonse, kondondozana pa mzere umodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi.

Chimene chandidabwitsa kwambiri n'chakuti dzulo ndinalumikizanso pulinta yakale ija, ndipo fayilo yomweyo inatuluka yooneka bwino kuposa mmene ikutulukira pa yatsopanoyi. Kodi kupatula dpi, ndi zinthu ziti zimene zimachititsa kuti pulinta ya leza isindikize bwino kapena moipa? Kodi n'kutheka kuti tinagula makina osalongosoka?

Bambo Mwale anayankha kuti:

Zikomo a Tiyamike pofotokoza chizindikiro chilichonse pachokha, chifukwa ambiri amangoti pulinta yasiya kusindikiza bwino, osatchula mmene tsambalo likuonekera. Ine ntchito yanga ndi yokonza makina amenewa, ndipo ndinene mosapita m'mbali kuti nambala ya dpi imangotiuza kuchuluka kwa malo amene kuwala kwa leza kungathe kuloza pa inchi imodzi. Kuloza malo ndi nkhani ina, ndipo kuti toner afikedi pamalopo n'kukhazikika ndi nkhani inanso.

Kuti mumvetse, tsatirani ulendo wa tsamba limodzi. Choyamba, rola yaing'ono imapaka mphamvu ya magetsi mofanana pa dramu yonse, yomwe ndi rola yomva kuwala imene chithunzi cha tsamba chimayamba kujambulidwapo. Kenako leza, imene kuwala kwake kumamwazidwa ndi kagalasi ka mbali zingapo kozungulira mothamanga kwambiri, imachotsa mphamvuyo pamalo amene payenera kukhala zilembo. Toner, amene ndi ufa wa pulasitiki wosakaniza ndi utoto, amakopeka n'kumatirira pamalo amenewo. Pepala likamadutsa, rola ina imene ili kuseri kwake imakoka ufawo kuchoka pa dramu kubwera pa pepala, ndipo pomalizira pepalalo limalowa mu fuser, mmene kutentha, kumene m'makina ambiri kumayandikira madigiri 200, pamodzi ndi kupanikiza zimasungunula ufawo kuti ulowerere. Mwa masitepe onsewa, dpi ikukhudza limodzi lokha, la leza lija.

Tiyeni tiikepo manambala. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho pa 600 dpi kadontho kamodzi kamakhala pafupifupi ma micron 42, ndipo pa 1200 dpi kamakhala pafupifupi ma micron 21. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Toner wopangidwa mwa njira yakale, youmitsa pulasitiki n'kuipera, amakhala ndi tinjere ta pafupifupi ma micron 8 mpaka 10, tosafanana kukula ndiponso tokhala ndi ngodya ngati miyala yoswa. Toner wamakono amene amamupanga pokulitsa tinjereto m'madzi a mankhwala amakhala ndi tinjere tocheperapo, ta ma micron 5 mpaka 7, tozungulira komanso tofanana. Mukaganiza kuti kadontho ka ma micron 21 kakudzazidwa ndi tinjere tiwiri kapena titatu tokha m'mimba mwake, muona kuti ufa wokhakhala sungathe kutsatira zimene leza yajambula, ndipo zotsatira zake ndi tifumbi tija mukutiona m'mphepete mwa zilembo.

N'chifukwa chake funso langa loyamba ndi ili: kodi katiriji, kabokosi kosungira toner, imene ili m'makinamo ndi yomwe inabwera nawo, kapena munathiramo ufa wina? Makatiriji obwera ndi pulinta yatsopano nthawi zambiri amakhala ndi ufa wochepa ndipo sachedwa kutha. Ngati munathiramo ufa umene munkagwiritsa ntchito pa pulinta yakale, mwina chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga n'chimenecho. Toner safanana ngakhale onse amaoneka akuda. Wina amakhala ndi tizitsulo tosaoneka ndi maso kuti azigwidwa ndi maginito a mu rola yonyamula ufa, wina alibe. Wina amapangidwa kuti azitenga mphamvu ya magetsi ya negativu, wina ya pozitivu. Aliyensenso ali ndi mlingo wake wa kutentha umene amasungunukira, wogwirizana ndi fuser ya makina amene anapangidwira.

Za kadontho kobwerezabwereza, tengani rula muyeze mtunda wa pakati pa timadontho tiwiri totsatizana. Chilichonse chozungulira m'makinamo chikakhala ndi chilema, chimadinda chilemacho nthawi iliyonse chikamaliza kuzungulira, ndiye mtundawo umafanana ndi kutalika kwa mzere wozungulira chinthucho. Dramu ya mamilimita 30 m'mimba mwake imabwereza chilema pa mamilimita pafupifupi 94, ya mamilimita 24 imabwereza pa 75, ndipo rola yaing'ono ya mamilimita 12 imabwereza pa 38. Poti mwanena kuti kadonthoko kakubwera katatu pa tsamba, ndipo pepala la A4 ndi lotalika mamilimita 297, ndikukayikira dramu.

Pali njira inanso imene ine ndimaidalira kwambiri. Tumizani tsamba, ndipo pepala likalowa mpaka theka, tsegulani chitseko cha pulinta kuti makina aime. Tulutsani katiriji, muyang'ane chithunzi cha ufa chimene chatsala pa dramu, koma muchite zimenezi mofulumira ndiponso pamalo opanda kuwala kwambiri, chifukwa dramu imawonongeka ikakhalitsa powala. Ngati chithunzi cha pa dramu chili chakuda bwino koma cha pa pepala chili ndi mawanga, vuto lili pa pepala kapena pa rola yokoka ufa ija. Ngati chili chotuwa kale pa dramu pomwepo, vuto lili pa toner, pa dramu, kapena pa kagalasi kamene kuwala kwa leza kumadutsira, kamene kakachita fumbi kamabweretsa mizere yotumbululuka yotsika m'litali mwa tsamba. Samalani ndi fuser potulutsa pepalalo, chifukwa imawotcha.

Mayi Nachisale anayankha kuti:

Bambo Mwale afotokoza bwino za mkati mwa makina, ndiye ine ndingowonjezera mbali ya zithunzi ndi mafayilo, poti ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yokonza timabuku ndi zikalata zoti zisindikizidwe.

Pulinta ya leza yosindikiza zakuda zokha ilibe ufa wotuwa. Ikafuna kuonetsa mtambo kapena nkhope ya munthu, imasonkhanitsa timadontho take m'timagulu, kwina tikulutikulu kwina ting'onoting'ono, kuti diso likayang'ana chapatali lione ngati pali kutuwa. Sefa imene mukuiona pa zithunzi zanu, a Tiyamike, ndi timagulu timeneti. Kuchuluka kwa mizere ya timagulu pa inchi imodzi kumatchedwa lpi, ndipo apa m'pamene pali kusinthanitsa kumene ambiri sakudziwa. Pa pulinta ya 600 dpi, mukasankha mizere 75 pa inchi, kagulu kalikonse kamakhala ndi timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, zomwe zimapereka milingo 65 ya kutuwa kuyambira poyera mpaka pakuda, koma sefayo imaonekera. Mukasankha mizere 150, sefa imabisika, koma kagulu kamatsala ndi timadontho 4 mbali iliyonse, milingo 17 yokha, moti thambo la pachithunzi limatuluka lodukizadukiza ngati masitepe. Pa 1200 dpi mungathe kukhala ndi mizere 150 ndi milingo 65 nthawi imodzi, ndipo phindu lenileni la nambala yaikulu lili pamenepa. Komabe amene amasankha kasanjidwe ka timaguluto ndi pulogalamu ya m'pulinta pamodzi ndi draiva, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsa pulinta, choncho makina awiri a dpi yofanana angathe kutulutsa chithunzi chimodzi mosiyana kwambiri.

Chonde tsegulani makonda a draiva muone zinthu zitatu. Choyamba, pulinta zambiri zolembedwa 1200 dpi zimabwera zitaikidwa pa 600, chifukwa pamenepo zimathamanga ndipo sizifuna memori yambiri, ndiye n'kutheka kuti 1200 imene munaigula simunaigwiritsepo ntchito n'komwe. Chachiwiri, onani ngati pali pochonga posonyeza kuti makina azisunga toner, chifukwa njira imeneyi imachepetsa dala ufa wopita pa tsamba ndipo zilembo zimatuwa. Chachitatu, onani ngati kompyuta ikugwiritsa ntchito draiva weniweni wa makinawo, kaya wa PCL kaya wa PostScript (zinenero zimene kompyuta imalankhulira ndi pulinta), osati draiva wamba amene kompyuta imangodziikira yokha ikaona pulinta yatsopano.

Mbiri ya makina amenewa imatiphunzitsanso kanthu. Pulinta yoyamba ya LaserJet ya kampani ya HP, imene inatuluka mu 1984, inali ya 300 dpi. Mu 1990 kunabwera LaserJet III, nayonso ya 300 dpi, koma zilembo zake zinkaoneka zosalala kwambiri chifukwa inkatha kusintha kukula ndi malo a timadontho ta m'mphepete mwa chilembo, kuti malo okhota asamaoneke ngati mano a sowo. Nambala sinasinthe, koma aliyense ankaona kusiyana. Masiku anonso makampani ena amalemba nambala yaikulu pabokosi potanthauza luso lotere la kusalaza m'mphepete, osati kuti leza ikulozadi malo ochuluka chomwecho mbali zonse ziwiri, ndiye ndi bwino kuwerenga buku la makinawo kuti mudziwe dpi yake yeniyeni.

Pomaliza, yang'anani fayilo yeniyeniyo. Zilembo zotayipidwa pa kompyuta zimatumizidwa ngati malangizo a kajambulidwe kake, ndipo pulinta imazijambula mosalala mmene ingathere. Koma ngati chizindikiro cha ofesi yanu ndi kachithunzi kakang'ono ka JPEG kamene munakakoka kuti kakule, kapena ngati kalatayo inachita kujambulidwa pa sikana, palibe pulinta imene ingabwezeretse zimene mulibe m'fayilomo. Pulinta yabwino ndiye imaonetsa zolakwikazo poyera kuposa yakale.

Kondwani anayankha kuti:

Ine ndikufuna kufunsa chinthu chimodzi chimene chingaoneke chaching'ono. A Tiyamike, pamene munayesa pulinta yakale ija, kodi munatenga mapepala a m'thireyi ya pulinta yatsopano, kapena munatsegula mpukutu wina? Ndikufunsa chifukwa mawanga otumbululuka pamalo akuda, kwa ine, nthawi zambiri amaloza ku chinyezi.

Pepala limamwa madzi a mumpweya. Limachoka kufakitale lili ndi chinyezi chochepa, cha m'ma 4 kapena 5 peresenti ya kulemera kwake, ndipo chikulungo chake chimakhala ndi chokutira chopyapyala chotchinga madzi n'cholinga choti likhalebe chomwecho. Mukang'amba chikulungocho n'kusiya mapepala pamtetete m'chipinda cha chinyezi, amayamba kumwa madzi kuyambira m'mphepete. Pepala lonyowa chotere limataya mphamvu ya magetsi imene imayenera kukoka ufa kuchoka pa dramu, ndiye ufa umasamuka mwa apo ndi apo. Likafika mu fuser, kutentha kwina kumathera pouma madziwo, ndipo limatuluka lopindika, nthawi zina ndi kanthunzi koonekera. Kuuma kwambiri nakonso sikwabwino, chifukwa mapepala amamatirirana ndipo ufa umamwazika m'mbali mwa zilembo.

Za toner wochoka pa pepala la chikuto, ndikuganiza kuti makinawo sanauzidwe kuti mwaikamo pepala lolimba. Pepala wamba la mu ofesi limalemera magalamu 80 pa sikweya mita, pamene la chikuto limatha kufika 160 kapena 200, ndipo limafuna kutentha kochuluka kuti ufa usungunuke mpaka kugwira. Mukasankha mtundu wa pepala lolimba mu draiva, pulinta imachepetsa liwiro kapena kukweza kutentha kwa fuser. Mukapanda kutero, imalithamangitsa ngati pepala wamba, ndipo ufa umangokhala pamwamba. Pepala lokhakhala limavutanso, chifukwa ufa sufika m'timaenje take. Ndipo musadzayese kuikamo pepala lonyezimira la zithunzi lopangidwira pulinta ya inki, chifukwa zokutira zake zingasungunuke n'kuwononga fuser.

Tiyamike anayankha kuti:

Zikomo kwambiri Bambo Mwale, Mayi Nachisale ndi inu a Kondwani. Ndatsatira zimene munanena chimodzichimodzi, ndipo ndabwera kudzakuuzani zimene ndapeza.

A Kondwani munalasa. Thireyi ya pulinta yakale inali yopanda kanthu, ndiye ndinatsegula mpukutu watsopano, pamene m'pulinta yatsopano munali mapepala amene akhala pashelefu osakulungidwa kwa nthawi yaitali, pafupi ndi zenera. Nditaikamo a mumpukutu watsopano, mawanga aja anachepa kwambiri, ndipo nditasankha pepala lolimba mu draiva, chikuto chinatuluka pang'onopang'ono koma toner sanachokenso ngakhale nditakanda ndi chikhadabo. Mu draiva ndinapezanso kuti makina anali pa 600 dpi ndipo njira yosunga toner inali yochongedwa, monga momwe Mayi Nachisale anaganizira. Zimenezi nditasintha, sefa ya pa zithunzi inayamba kubisika.

Mtunda wa pakati pa timadontho unali mamilimita 94. Nditatulutsa dramu n'kuizunguliza pang'onopang'ono ndi chala chogwira kumapeto kwake, ndinapeza kachinthu konanda, kakang'ono ngati mutu wa singano, komatirira pamwamba pake. Ndakumbukira kuti mwezi watha tinasindikiza timapepala tomata pa maenvulopu, ndipo tinabwezamo kachiwiri pepala limene tinali titamatulapo kale ena. Sindinakagwire, ndikudikira malangizo anu.

Funso lanu loyamba, Bambo Mwale, yankho lake ndi inde. Katiriji yobwera ndi makina itatha, tinathiramo ufa umene unatsala wa pulinta yakale. Tifumbi ta m'mphepete mwa zilembo tidakalipo, ndipo ndikayang'anitsitsa tsamba pafupi ndi pepala losasindikizidwa, ndikuona kuti malo oyenera kuyera ali ndi kautsi kotuwa. Mnzanga wina pano akunena kuti toner wothira aliyense ndi woipa ndipo tisiyiretu. Kodi zimenezi n'zoona?

Bambo Mwale anayankhanso kuti:

Kachinthu konandako ndi guluu wa timapepala tomata tija. Tengani kathonje kouma ka pa kamtengo, mupukute pamalopo mofatsa mpaka kachoke, m'chipinda chopanda dzuwa. Musagwiritse ntchito chikhadabo, mpeni kapena chilichonse chakuthwa, ndipo musakhudze pakati pa dramu ndi zala, chifukwa khungu lake lomva kuwala ndi lopyapyala kwambiri moti likakalika silikonzeka. Pepala la timapepala tomata lizidutsa m'makina kamodzi kokha, lili lathunthu.

Pa zimene mnzanu akunena, ine sindikugwirizana nazo kwathunthu. Ndaonapo ufa wothira umene umasindikiza bwino ndithu, pamene wopanga wake anaukonzera mtundu weniweni wa makinawo. Cholakwika kwa inu n'chakuti ufawo unapangidwira makina ena, ndipo unasakanikirana ndi wotsalira wa m'katiriji. Tinjere ta mitundu iwiri tikamakhuzana, tina timatenga mphamvu ya magetsi yochepa kapena yosemphana ndi yofunikayo, ndiye timakamatirira pamalo amene leza sinaloze. Kautsi kotuwa kaja kakuchokera pamenepo, ndipo palibe makonda a mu draiva amene angakachotse.

Katiriji imeneyo ichotseni, muikemo ina yokhala ndi toner woyenera makinawo. Musanaiike, pukutani mkati mwa pulinta ndi kansalu kouma kosasiya ulusi, ndipo ufa wotayika musaukoke ndi makina wamba okokera fumbi, chifukwa tinjere take timadutsa pa sefa yake n'kumwazika mumpweya. Ukakugwerani pa zovala, sasani kaye kenako muchape ndi madzi ozizira, popeza otentha amausungunula n'kuumatiriza pa nsalu. Mukatero musindikize masamba 20 kapena 30 kuti zotsalira za ufa wakale zichoke pa marola, kenako musindikize tsamba loyesera la m'pulinta momwemo, losadzera pa kompyuta. Ngati kautsiko kadzakhalapobe pa tsamba limenelo, mudzatiuze, chifukwa pamenepo tidzafunika kuyang'ana rola yopaka magetsi pa dramu ndi kampeni ka labala kamene kamapala ufa wotsalira.